Mlonda wa Zivundikiro

4 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni nonse kunyumbako. Amayi ali bwanji ndi mwendo uja? Nanga Bambo makutu aja? Akukhomabe zidebe tsiku lonse osatseka ndi thonje? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira.

Nkhani ndi iyi. Pa TV kumeneko pamabwera pulogalamu ija ya Lamlungu masana, yofotokoza za anthu akale olemba nyimbo zikuluzikulu, imene iwe umati ndi mankhwala a tulo. Ya pa 23 mwezi uno anajambula gulu lathu. Ndilimo. Uwauze Bambo. Chichokereni ine sanandilemberepo ngakhale mzere umodzi, ndipo mawu awo otsiriza sindinawaiwale, akuti nyimbo si ntchito. Ndikufuna aone ndi maso awo.

Udziwenso kuti m'gululi sanandilembe ntchito kwenikweni. Akundiyesa chaka chimodzi, mu Julayi ndiye adzanena ngati nditsale. Kondakitala wathu ndi wovuta. Usaseke, si wa minibasi ngati iwe, ndi amene amaima kutsogolo n'kumatitsogolera ndi kamtengo.

Mukaonera undilembere zonse, makamaka nkhope ya Bambo.

Ndine mkulu wako.


24 Malichi

Achimwene,

Landirani moni wa kondakitala weniweni, wa pachitseko, amene akati "tiye" galimoto imapitadi. Kuno tonse tilipo. Mwendo wa Amayi ukupezako bwino, makutu a Bambo ndiye basi, tsopano ukati "madzi" amakupatsa machesi.

Munati ndinene zonse, ndiye musadzandidandaule.

Nditawauza za TV anangoti, "Zachibwana." Koma Loweruka ndinawapeza akupukuta galasi la TV ndi malaya awo abwino. Dzulo m'mawa anakabwereka mabenchi awiri kwa ometa aja a pakona, n'kuitana ometawo, amayi a saluni, ndi aliyense amene anagulapo ndowa pakhomo pano. M'nyumba munadzaza kuposa minibasi yathu tsiku lamalipiro. Bambo anakhala patsogolo penipeni, atavala tayi. Tayi, achimwene! Ine ndimayesa anaimangira mpanda kalekale.

Pulogalamu inayamba ndi bambo wina wamagalasi akulongolola za mwini nyimboyo, amene akuti anamwalira kalekale. Anationetsa chithunzi chake, tsitsi ngati wagwira waya wamagetsi. Ometa anati, "Uyu akanabwera kwa ine bwenzi ali moyo." Anationetsa nyumba yake, mpando wake, mapepala ake okhala ndi tizilembo ngati nyerere zopachikidwa pa waya wa zovala. Amayi a saluni anafunsa ngati anali ndi mkazi. Sananene. Iwo anati ndiye chifukwa chake nyimbo zake n'zazitali, analibe womuuza kuti zakwana.

Kenako munatulukira inu oimba. Nonse zakuda. Amayi anagwira pamtima, "Wamwalira ndani?" Ndinati palibe, ndi yunifomu. Sanakhulupirire, poti oonerera nawonso anali ndwii ngati akudikira dokotala. Kondakitala wanu uja ndamuona. Kufulatira makasitomala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kumaopseza antchito ndi kamtengo! Ine nditayerekeza zimenezo tsiku limodzi, a dalaivala anditsitsa galimoto ikuyenda.

Tinakufunafunani pakati pa ocheka timagitala tapakhosi, mulibe. Pa oliza malipenga, mulibe. Kenako Amayi anakuwa, "Ndi uyo! Ndi uyo!" Kumbuyo kwenikweni, pakona, pafupi ndi chitseko. Munanenepa pang'ono, suti ikukukhalani. Bambo anaweramira kutsogolo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Ndiye tinadikira kuti muyambe.

Achimwene, munangokhala. Manja pamaondo. Pambali panu pali zivundikiro ziwiri zikuluzikulu zonyezimira, zonga za mapoto a paukwati, inu osazikhudza. Kamera inakupezani katatu, katatu konse muli chikhalire, milomo yokha ikugwedezeka. Amayi anati mukupemphera. Ometa anati mukutafuna chingamu.

Nyimbo inatha. Palibe anaomba m'manja. Wina anangotsokomola. Ife tinayang'anana. Munayamba ina yochedwa ngati basi yakale pachitunda, inathanso, zii. Achimwene, ngakhale woledzera woimba pa depoti amapeza mmodzi womuombera. Pa yachitatu m'nyumba munali poti aliyense akuyang'ana pansi, ndiye ine, pofuna kuti anthu apumeko, ndinati, "Musadabwe, achimwene anawalemba ntchito ya ulonda. Amalondera zivundikiro kuti zisabedwe."

Nyumba inagwa ndi phwete. Ometa anatsetsereka pabenchi. Bambo anatembenuka, "Wati chiyani?" Ine ndinati palibe. Koma ometa anawakuwira m'khutu, "Akuti mwana wanu ndi mlonda wa zivundikiro!"

Nthawi yomweyo yachitatu ija inatha, osaomberanso. Bambo anaimirira, anazimitsa TV, anavula tayi n'kuipinda bwinobwino. Anati, "Zikomo pobwera." Anapita kushedi n'kuyamba kukhoma. Lamlungu, achimwene, tsiku limene sagwira hamala.

Ndiye tandiuzani zoona, ine si Bambo. Anakulangani? Kapena zivundikirozo n'za munthu wina, inu munangomugwirizira malo? Ngati ndi ulonda nenani, si zamanyazi, bola yunifomu ndi yabwino.

Ndine mng'ono wanu wa pachitseko.


2 Meyi

Achimwene,

Moni. Kaya kalata yanga munalandira? Ndafunsa ku positi mpaka mayi wa pawindo akandiona amangopukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Muli bwino? Amayi akuti munene ngakhale liwu limodzi.

Kuno tili bwino m'thupi, koma zinthu sizili bwino.

Dzina lija lakula kuposa mwini wake. Ine ndinalinena kamodzi, pabenchi, koma tsopano msewu wonse ukuti "kwa a Mlonda". Pasenjala wina anandiuza kuti, "Unditsitse pa Zivundikiro," osadziwa kuti ndi kwathu. Ndinamutsitsa siteji ziwiri kutsogolo, ayende.

Sabata yatha mayi wina anabwera ndi poto kuti Bambo amupangire chivundikiro. Poseka anati, "Mupange ziwiri, china mutumize kunja chikalonderedwe." Bambo anamva, tsiku limenelo makutu anagwira ntchito. Anamubwezera poto wake. Kuyambira pamenepo zivundikiro anasiya kupanga. Ndowa amapanga, makeni othirira amapanga, koma munthu akatchula chivundikiro amamulozera njira.

Chithunzi chanu chija cha pamwamba pa TV anachichotsa. Patsala kamalo koyera pakhoma, ka ngodya zinayi ngati zenera. Amayi anayesa kupachikapo kalendala, Bambo anaichotsanso. Ndiye timadya tikuyang'ana pakhoma popanda kanthu.

Ine salankhula nane. Akafuna mchere amauza Amayi kuti, "Muuze wanthabwalayo." Ndinayesa kupepesa, koma mukudziwa kupepesa kwa munthu wosamva, umachita kukuwa, ndiye zimamveka ngati ukukalipa. Ndinati, "PEPANI!" Iwo anati, "Ukundizazira?"

Chodabwitsa n'chakuti pulogalamu ija sanaisiye. Lamlungu lililonse masana amatseka chitseko, amakhala okha, voliyumu mpaka kumapeto, dzanja ataliika pambali pa TV pamene pamatulukira mawu. Ndinasuzumira pazenera. Anaonera za wolemba nyimbo wina wovala wigi, za wina amene ankangodwaladwala, za wina wandevu amene nyimbo yake ya simfoni, kaya mumati chiyani, anthu anaikana tsiku loyamba. Samva chimene bambo wamagalasi uja akunena, koma sasuntha. Oimba akatulukira, maso awo amathamangira kumbuyo, pakona. Akaona kuti si gulu lanu amazimitsa.

Amayi akuti Bambo akufuna umboni woti anakunamizani ntchito, kuti akuitanitseni mubwere kudzakhoma zidebe. Ine sindikudziwa.

Achimwene, ngati mwakwiya ndi ine kwiyani, koma lembani. Nditukwaneni, ndizolowera, ndimatukwanidwa kuyambira m'mawa ndi anthu osowa tchenji. Chete wanuyu ndiye sindikumutha.

Mng'ono wanu.


20 Meyi

Mng'ono wanga,

Moni. Makalata ako onse awiri ndinalandira. Uwauze Amayi kuti sindikudwala.

Ndinakhala chete chifukwa ndikanalemba sabata imene ija, bwenzi pano tilibe ubale.

Tamvera. Sizinali nyimbo zitatu. Inali nyimbo imodzi ya magawo anayi. Pakati pa magawo anthu saomba m'manja, si kuti zawanyansa, amadikira ithe yonse. Ine mbali yanga ili m'gawo lachinayi. Zimene ukuti zivundikirozo ndi mbale zamkuwa, ndipo mu nyimbo imene ija zimalira kamodzi kokha, pamene nyimbo yonse yakwera kufika pamwamba penipeni. Milomo imene munaiona sinali pemphero kapena chingamu. Ndimawerenga. Gawo lomalizalo likayamba ndimawerenga wani, thu, fili, folo, kokwana 143, kenako ndimaimirira. Tsiku limene lija ndinamenya bwino kuposa masiku onse. Kamera inali pa ine ndekha. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja mpaka manja kuwawa. Bambo anazimitsa kutatsala pang'ono.

Zaka zisanu ndakhala ndikudikira kuti aone mphindi imodzi imeneyo.

Kalata yako yoyamba inandipeza tsiku limene tinkaimbanso nyimbo yomweyo mu holo ina. Ndinaitsegula m'chipinda chovalira, ndikumwetulira, ndimayesa muli nkhope ya Bambo. Ndinalowa nayo m'thumba la jekete. Ndikuwerenga manambala anga, m'mutu munangobwera tayi ija akuipinda. Ndinasokonezeka. Sindinadziwe ngati ndili pa 90 kapena pa 130. Mantha anandigwira kuti ndichedwa, ndinaimirira, ndinamenya.

Panali pamene aliyense wakhala chete, chitoliro chimodzi chokha chikulira pansipansi.

Sindingakufotokozere. Mayi wina kutsogolo anagwetsa chikwama. Woliza chitoliro analira misozi titatuluka. Kondakitala sanandikalipire, bola akanatero. Anangondiyang'ana, ndipo mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana khoma.

Pa 5 Julayi tikuimbanso nyimbo yomweyo, pambuyo pake ndiye adzagamula za ine. Sindikuganiza kuti ndidikira. Mbalezo ndikuopa ngakhale kuzigwira. Sutikesi ndaitulutsa kale pansi pa bedi. Kuli bwino ndichoke ndekha asanandichotse. Ndibwera, ndidzakhoma zidebe. Mwina Bambo ankanena zoona.

Sindikukuimba mlandu wonse. Pakamwa pako ndipadziwa kuyambira uli wosavala. Koma tsiku lina udzaphunzire kuona kaye mapeto a chinthu usanachiseke.

Za kulakwitsa kwangazi usawauze Bambo. Ndidzanena ndekha ndikafika.

Mkulu wako.


16 Juni

Achimwene,

Moni. Musapakire kaye, werengani mpaka pansi. Ndikudziwa kuti ine ndilibe ufulu wouza munthu kuti adikire mapeto, komabe.

Choyamba, chinsinsi chanu ndinachisunga mphindi ngati zisanu. Si dala. Bambo anandiona ndi envulopu ya masitampa akunja, anatambasula dzanja. Magalasi awo anasweka, zilembo zanu n'zazing'ono, ndiye anati, "Werenga." Kupatula "Ukundizazira?" uja, amenewa anali mawu oyamba kundilankhula ine mwini chichokere Malichi. Ndinayesa kudumpha pena, anandigwira dzanja, "Pepala lalitali chonchi, mawu ochepa chonchi? Bwerera."

Tsono kuwerengera Bambo mukukudziwa. Ndinaima pakati pa shedi n'kumakuwa, "ZA KULAKWITSA KWANGAZI USAWAUZE BAMBO!" Ometa anasiya mutu wa munthu uli theka n'kubwera pampanda. Amayi a saluni anatuluka ndi chipeso m'manja. Msewu wonse ukudziwa za chitoliro. Pepani. Koma palibe anaseka, achimwene. Ometa anavula chipewa.

Bambo anafunsa chinthu chimodzi. "Magawo angati?" Ndinaonetsa zala zinayi. "Ine ndinazimitsa pa angati?" Ndinaonetsa zitatu. Anakhala pa chitsulo chawo chija cha njanji chokhomerapo, anayang'ana chala chotsalacho nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanakhomenso, chakudya anangochigwiragwira. Masiku otsatira ndimawapeza atagwira hamala m'mwamba, osaitsitsa, ngati aiwala chimene amafuna kumenya. Amayi anachita mantha, ankati tipite nawo kuchipatala.

Mwayi wake a TV athuwa ali ngati a dalaivala anga, ali ndi nyimbo zochepa, zikatha amayambiranso. Dzulo ndili pabwalo ndinamva Bambo akukuwa, "Wanthabwala! Thamanga!" Ndinalowa. Pa TV pali mkulu uja wa tsitsi lamagetsi. Akubwereza yanu!

Ulendo uno anthu apamsewu sanawaitane. Tinalipo atatu, ine, iwo ndi Amayi, kenako ometa analowa okha mwakachetechete n'kuima kuchitseko. Tayi sanavale. Anakoka mpando, dzanja pa TV, voliyumu yonse, mpaka makapu m'kabati kumanjenjemera. Gawo loyamba litatha, zii uja, anakweza chala chimodzi. Lachiwiri, ziwiri. Lachitatu litatha ndinaona dzanja lawo likusuntha, ndinayesa akuzimitsanso, koma anangolikhazika bwino.

Lachinayi litayamba anati, "Werenga." Achimwene, ine masamu ndi amene anandithamangitsa kusukulu, ndimangodziwa kuwerenga mitu ya anthu pampando. Ndinayesa, wani thu fili folo, ndinatayika pa 30. Ometa anatayika pa 50. Amayi ankangopemphera. Koma Bambo ankagogoda bondo ndi chala, osaphonya, monga amachitira akamazungulira msoko wa ndowa. Samva nyimbo, amaimva m'dzanja. Milomo yawo ikugwedezeka ndendende ngati yanu. Ndinayang'ana pa TV, ndinayang'ana iwo, nkhope imodzi.

Nyimbo inayamba kukwera. Ocheka aja akucheka ngati alipidwa lero, malipenga akufuula, kondakitala wanu tsitsi lili balala. Bambo anati, "140." Inu munaimirira. Anati, "141." Munatenga zivundikiro, pepani, mbale. Munatambasula manja ngati mukufuna kukumbatira munthu wonenepa.

PHWAAA!

Kapu imodzi inagwa m'kabati. Bambo analumpha pampando, anagwira khutu, anatiyang'ana tonse. Anati, "Ndamva." Anabwerezanso, "Ndamva! Ameneyo ndamumva!"

Anthu a pa TV anaimirira kuomba m'manja, ometa nawo kuomba, Amayi kulira. Ine ndinali ndi nthabwala yabwino kwambiri pakamwa, ndinaimeza. Mpaka pano ikundipweteka pakhosi, koma sindinena.

Kapepala kali m'katimu alemba okha ndi pensulo yolembera malata. Sanandilole kuwerenga. Ndawerenga.

Mng'ono wanu, amene akuphunzira kudikira gawo lachinayi.


Mwana wanga,

Moni. Ine ndili bwino. Amayi ako ali bwino.

Tsiku loyamba lija sindinamve kanthu. Anthu onse aja ndinkangoona manja akuyenda ngati TV yafa mawu. Ndinkadikira iwe. Nditaona wangokhala ndinachita manyazi. Amene anazimitsa ndine. Si mng'ono wako, si iwe.

Dzulo ndaonera yonse. Oimba analipo ambiri, sindinamve ngakhale mmodzi. Ndinamva iwe.

Ine ndimamenya chitsulo kuyambira m'mawa. Ndikaphonya ndimamenyanso, palibe amadziwa. Iwe umamenya kamodzi anthu onse akuyang'ana. Ntchito imeneyo ine sindingaithe.

Za chitoliro ndamva. Ndowa yanga yoyamba inkadontha, mwini wake ananyowa mutu wonse pamsewu. Amene ankandiphunzitsa anandipatsa lata lina. Ukapepese kwa wachitoliroyo, kenako ukatenge mbale zako.

Pa 5 ukamenye. Akakuchotsa ubwere, nyumba ilipo. Koma usabwere usanamenye. Kushedi kuno malo a munthu wothawa palibe.

Kalata ya mng'ono wako usaike m'jekete. Uike iyi.

Bambo ako.


7 Julayi

Bambo, Amayi, ndi iwe wa pachitseko,

Moni nonse. Iwe, powerenga iyi ukuwe ndithu, ometa amve.

Kalata zanu zinafika kutatsala masiku atatu. Wachitoliro ndinakamupepesa. Anati iyenso anayambapo nyimbo yolakwika pamaso pa anthu, anandigulira tiyi.

Dzana tinaimba. Kapepala ka Bambo kanali m'thumba. Kuyambira gawo loyamba mpaka lachitatu ndinangogwira thumbalo. Lachinayi litayamba ndinagogoda bondo ndi chala. Pa 143 ndinamenya. Panali pake.

Sindikunamizani, sanandilembe ntchito. Akuti cholakwa chija n'chachikulu, sangachiiwale msanga. Andiwonjezera miyezi isanu ndi umodzi yondiyesa, ndipo wina akubwera kudzapikisana nane pa malo omwewo. Mwina mu Januwale mudzandiona pakhomo ndi sutikesi. Koma pakadali pano ndaibwezera pansi pa bedi.

Bambo, ndikupempha zinthu ziwiri. Muzitseka makutu ndi thonje, kuti pang'ono patsalapo mudzandimverenso. Ndipo mayi wa poto uja mumuitane, mumupangire chivundikiro chake.

Ndine mwana wanu,
Mlonda wa Zivundikiro.